Kalembedwe ka nkhani yopeka ya chikondi cha amuna awiri osewera m'timu ya payunivesite

Musanalembe chiganizo choyamba, sankhani dziko limene nkhani yanu ichitikire, chifukwa chimene chimatchinga chikondi cha anyamata awiriwa chimachokera kumalo kumene akukhala. Nkhani zambiri zamtunduwu zimene timawerenga pafoni muno mu Harare zimachitikira ku America, ndipo mlembi wosasamala amangotenga mnyamata wa ku Mbare n'kumupatsa mavuto a ku Missouri.

Mukasankha America, dziwani mmene masewero a m'makoleji amayendera kumeneko. Bungwe la NCAA, loyang'anira masewerowa, limene linayamba mu 1906, linagawa makoleji m'magawo atatu mu 1973. Mu Division I wosewera akhoza kulipiriridwa sukulu chifukwa cha luso lake, pamene mu Division III thandizo lotere kulibe, choncho mantha a anyamata a m'magawo awiriwa sangafanane. Mu Division I lamulo limati zochita za timu zisapitirire maola 20 pasabata m'nyengo ya mpikisano, ndipo mukaonjezapo maphunziro ndi maulendo, okondanawo amatsala ndi kanthawi kochepa kwambiri. Kumbukiraninso chaka chimene nkhaniyo ikuchitika. Michael Sam, wosewera American football wa ku University of Missouri, anaulula poyera mu February 2014 kuti amakonda amuna anzake, ndipo timu ya St. Louis Rams inamusankha chaka chomwecho. Wosewera wa mu 2005 analibe chitsanzo chotere.

Mukasankha Harare, kumene ine ndikuona kuti n'kumene kuli nkhani yokoma kuposa, musabise kulemera kwa zinthu. Gawo 73 la Criminal Law (Codification and Reform) Act limaletsa kugonana kwa amuna okhaokha, ndipo gawo 78 la malamulo aakulu a dziko a 2013 limakana ukwati wa anthu ofanana ziwalo. Akuluakulu amakumbukirabe mmene bungwe la GALZ, loimira anthu okondana ofanana ziwalo, linaletsedwera pa Zimbabwe International Book Fair mu 1995. Mnyamata wosewera mpira ku University of Zimbabwe, ku Mount Pleasant, saopa kutaya malo m'timu kokha. Amaopa mnzake wogona naye chipinda chimodzi kuhositelo, amaopa apolisi, ndipo koposa zonse amaopa kuti mbiri ingafike kwa agogo ake ku Mufakose, amene makolo awo anachokera ku Malawi, ndipo amamuyembekezera kudzabweretsa mtengwa.

Kenaka apatseni awiriwa chifukwa chosapewana. Njira yodalirika ndi kuwachititsa kulimbirana malo amodzi, monga magoloboyi awiri m'timu imene ikukonzekera masewero a ZUSA, a pakati pa mayunivesite a m'Zimbabwe. Amakonzekera mpira padera, kutali ndi osewera ena, koma tsiku la mpira mmodzi yekha ndiye amaima pagolo, ndipo kupambana kwa wina ndi benchi ya mnzake. Mitu ya nkhani itsatire nyengo ya mpikisano: kusankhidwa kwa timu, kugonja koyamba, kuvulala, ulendo wa pabasi wopita ku Bulawayo kapena ku Gweru, ndiye ndime yomaliza. Onse awiri akhale akuluakulu opitirira zaka 18, ndipo zimenezi zimveke kuyambira pachiyambi.

Chikondicho musachilengeze, chionetseni m'zinthu zazing'ono zimene osewera amachitirana anthu akuona popanda wodabwa. Wina wabinya bondo, mnzake wagwada paudzu akumumanga bandeji, ndipo atamaliza dzanja lake likukhalitsa pang'ono asanalichotse. Madzulo akudikira kombi yopita m'tauni, ikubwera yoyamba ili ndi malo amodzi, onse awiri akuisiya kuti ipite. Wowerenga amva zonse ngakhale palibe amene wayankhula.

Samalani ndi chiyankhulo. Kwa kochi mnyamata amati "inu", kwa anzake amati "iwe" kapena "aise", ndipo pabwalo amakuwa m'Chishona monga wina aliyense. Ngati onse awiri ali ochokera m'mabanja oyankhula Chichewa, tsiku limene adzazindikirane pa mawu amodzi otuluka mwangozi likhoza kukhala chiyambi cha zonse, pakuti apeza chiyankhulo chimene anzawo ambiri sachimva. Osewera ena asakhale adani okhaokha. Payenera kupezeka mmodzi amene akudziwa koma wasankha kukhala chete, ndi wina wonyoza mosadziwa kuti akubaya mnzake wapamtima.

Owerenga nkhani zachikondi amayembekezera kuti pamapeto awiriwo akhale pamodzi, ndipo mukawalekanitsa ndi imfa mwalemba nkhani ya mtundu wina. Komabe ku Harare simungamalize ndi kupsompsonana pakati pa bwalo la mpira la Rufaro anthu akuwomba m'manja. Chipinda chalendi ku Avondale, mlongo mmodzi amene wawalandira, ndi timu imene onse akuseweramo, n'zokwanira ndipo n'zokhulupirika.

Pofalitsa, lingalirani zogwiritsa ntchito dzina lobisika. Pekani dzina la timu ndi la kochi, ndipo musatengere maonekedwe, nambala ya jezi kapena mbiri ya wosewera weniweni, chifukwa anthu akamuzindikira, mavuto amene tatchula aja agwera iyeyo osati munthu wa m'nkhani yanu.