Kupanga khadi la mafuno abwino pogwiritsa ntchito zidindo ndi ma die

Makhadi ambiri opanga pamanja amawonongeka pa zinthu ziwiri: inki yosagwirizana ndi chopakira utoto, ndi kupanikiza kochepa kapena kopitirira muyezo. Luso lojambula silikufunika kwenikweni, chifukwa chidindo ndicho chimajambula ndipo die ndiyo imadula. Die ndi kachitsulo kopyapyala kokhala ndi kamzera kotukuka mbali imodzi, kamene kamadula pepala m'maonekedwe a duwa, tsamba, mawu kapena bwalo kakapanikizidwa m'makina. Khadi limene tipange pano ndi la saizi ya A6: duwa lodinda, lopaka utoto ndi kudula, lokhala pamwamba pa pepala loyera, ndipo m'munsi mwake muli mawu oyera pa kapepala kakuda.

Yambani ndi pepala

Thunthu la khadi limafuna pepala lolimba la 250 mpaka 300 gsm (gsm ndi muyezo wa kulemera kwa pepala). Pepala la mu pulinta, la 80 gsm, silingaime lokha patebulo ndipo limakwinyika likangokhudza guluu. Tengani A4, imene ndi masentimita 21 ndi 29.7, muidule pakati pa mbali yaitali. Mwapeza mapepala awiri a A5, ndiye kuti makhadi awiri. Pindani lililonse pa masentimita 10.5 ndipo khadi lituluka la 10.5 ndi 14.8, lolowa bwino mu envelopu ya C6, imene ndi 11.4 ndi 16.2.

Musapinde pepala lolimba musanalembe mzera wopindira, lidzasweka pamsana n'kuonetsa zoyera zam'kati. Ikani rula, ndipo ndi bolopeni yotha inki kokani mzera kawiri, pepala lili pa chinthu chofewerapo ngati magazini. Kutsogolo kukhala kangalande, kumbuyo kamtumbira. Pindani kuti kamtumbirako kalowe m'kati mwa khadi, kenako salazani msanawo ndi kumbuyo kwa sipuni. Likaswekabe, mwina mwapinda mopingasa ulusi wa pepala. Pepala lililonse limapindika mosavuta mbali imodzi kuposa inzake, ndipo mukalikhotetsa pang'ono m'manja mbali zonse ziwiri mudzaimva mbali yofewayo.

Chenjerani ndi saizi pogula. Makampani a ku America amapanga zinthu zawo poganizira khadi la A2, la mainchi 4.25 ndi 5.5, pafupifupi masentimita 10.8 ndi 14. Die yodula nkhope yonse ya khadi limeneli imapitirira A6 ndi mamilimita 3 m'lifupi, n'kupereŵera ndi mamilimita 8 m'litali. Zidindo za maluwa ndi mawu zilibe vuto limeneli, koma mafulemu ali nalo.

Chidindo ndi inki yake

Zidindo zilipo za labala, zimene kaŵirikaŵiri zimakhala zofiira ndipo zili ndi siponji kumbuyo, ndi zowonekera zimene mumamata pa buloko ya pulasitiki yolimba. Kwa woyamba zowonekera n'zabwino chifukwa mumaona pamene mukudinda. Koma zowonekera si zofanana. Za photopolymer zimamata m'manja ndipo zimagwira inki bwino. Zotchipa za silikoni zimatanuka kwambiri, ndipo inki imaundana pa izo timadontho ngati mame pa tsamba la nthochi, chithunzi n'kutuluka cha maangamaanga. Chidindo chatsopano chipukuteni ndi chofufutira pensulo choyera, muchitsuke, mudinde kangapo pa pepala lotaya musanafike pa pepala lenileni. Cha photopolymer chikathimbirira ndi inki yofiira musadandaule, chimadinda chimodzimodzi.

Lamulo la inki ndi limodzi: mzera wa chithunzi usasungunuke ndi chimene mupakire utoto. Ngati mupaka ndi ma marker a alcohol, monga Copic, dindani ndi Memento ya kampani ya Tsukineko, imene alcohol saisuntha. Ngati mupaka ndi utoto wa madzi, Memento yomweyo idzayenderera n'kudetsa duwa lonse, choncho tengani VersaFine kapena Archival Ink ya Ranger, zimene zikauma sizimva madzi. StazOn ndi ya pa pulasitiki ndi galasi, ndipo ma marker a alcohol amaisungunula. Mapensulo a mitundu sasankha inki, n'chifukwa chake ndi oyenera kuyambira. Inki ya pepo ya pa chidindo cha mu ofesi ingathandize poyeserera pokha. Distress Ink ndi Distress Oxide anazipanga dala kuti zizisuntha ndi madzi, ndipo n'zabwino popaka kumbuyo kwa chithunzi, osati pa mizera yake.

Pomata chidindo pa buloko, chigonekeni patebulo chafufumimba, chikhale mmene chinapangidwira, kenako mutsitse buloko pamwamba pake. Mukachimata ndi zala, mawu aatali amakhota. Buloko ikhale yokulirapo pang'ono kuposa chidindo. Yaikulu kwambiri imapendekeka n'kusiya inki ya m'ngodya pa pepala. Gogodani padi ya inki pa chidindo mopepuka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, osakanikiza kapena kupotoza. Chiyang'aneni pa kuwala: paliponse panyezimire mofanana.

Zidindo zowonekera zilibe siponji, choncho yalani pansi pa pepala chinthu chofewa ngati mouse pad kapena mapepala khumi. Tsitsani buloko molunjika, dinikizani ndi zala pakati ndi m'mbali buloko isanasunthe, werengani mpaka 5, nyamulani molunjika. Chithunzi chikatuluka ndi mizera iwiriiwiri, mwagwedeza buloko. Mizera ikanenepa n'kukhala ndi mthunzi m'mbali, mwakanikiza kwambiri ndipo chidindo chaphwatalala. Pakati pakasowa inki, tebulo silosalala kapena pansi palibe chofewa. Amene amapanga makhadi ambiri amagula chida chokhala ndi chitseko cha mahinji, monga MISTI, mmene pepala limagwidwa ndi maginito ndipo mungadindenso kachiwiri pamalo omwewo. Maginitowo ndi amphamvu koma osachedwa kusweka akagundana, ndiye akulungeni ndi tepi n'kusiya kamchira kogwirira.

Siyani inki iume musanapake utoto. VersaFine imachedwa kuposa Memento, ndipo nyengo ya mvula, mpweya uli ndi chinyezi, imachedwa koposa. Pa pepala lonyezimira inki yotere imatha kukhala yaiwisi mpaka mawa. Tsukani chidindo ndi kansalu konyowa kosasiya ubweya. Sipiriti amawononga zidindo zowonekera, ndipo dzuwa limazisandutsa zachikasu.

Kudula ndi die

Dindani ndi kupaka utoto kaye, kudula kubwere pambuyo. Kapepala kodula kale n'kovuta kukagwira, ndipo utoto umathawira m'mphepete.

Makina ofala ndi opukusa pamanja, monga Sizzix Big Shot ndi Spellbinders Platinum 6, onse okhala ndi pakamwa pa masentimita pafupifupi 15. M'kati mwake muli zitsulo ziwiri zozungulira zimene mpata wake susintha. Ichi ndicho chinsinsi cha ntchito yonse: makinawo alibe powonjezera mphamvu, kupanikiza kumachokera ku kuchindikala kwa zimene mwasanjikiza. Pa Big Shot, ndi die zopyapyala, musanje chonchi kuchokera pansi: pulatifomu, adaputa ya die zopyapyala, puleti yodulirapo, pepala chithunzi chili m'mwamba, die mpeni wake utaloza pansi, ndi puleti yachiwiri pamwamba. Makina ena ali ndi kasanjidwe kawo kolembedwa pa pulatifomu, ndipo tsatirani kameneko, osati ka makina a mnzanu.

Die zambiri zimabwera zolumikizana ndi timawaya. Zilekanitseni ndi pulayala yodulira waya ndipo mupale timinga totsalira, chifukwa timacheka zala. Die yopangidwira chidindo chake imasiya mphepete yoyera ya milimita 1 kapena 2 kuzungulira chithunzi. Iyikeni pa duwa, muyang'ane muli pamwamba penipeni, osati cham'mbali, mpaka mpata woyera ufanane mbali zonse. Igwireni ndi timatepi tiwiri ta washi kapena ta masking. Tepiyo imateni kaye pa malaya kawiri kuti ichepe mphamvu, ndipo ikhale kunja kwa duwa, pa pepala lotaya, pakuti makina akaipanikiza imamata zolimba n'kusenda chithunzi pochotsa. Ngati die ndi yotseka pakati moti simukuona chithunzi, dulani nayo pepala lotaya, bowo lotsalalo muliike pa duwa ngati zenera, mulimate, kenako mugwetsere die m'bowomo.

Pukusani mosathamanga. Mudzamva kuthetheka ngati chinachake chikusweka, ndipo puleti idzatuluka ndi zipsera. Zimenezo n'zachibadwa. Chosayenera ndi chopukusira kukana kuyenda. Chikakana musachikakamize, bwezani m'mbuyo muchotse chimene chachuluka, apo ayi muthyola puleti kapena magiya.

Die ikalephera kudula mbali ina, musaichotse pa pepala. Tembenuzani muone kumbuyo pamene sipanabooke, sinthani mbali imene die yaloza, mudutsitsenso. Pakati pa makina mphamvu imakhala yocheperapo kuposa m'mbali, ndiye die ya timabowo tambiri isunthireni cham'mphepete. Zikakanikabe, onjezani pepala lolimba limodzi lokha pamwamba pa puleti yam'mwamba, kapena kachidutswa pamalo pokanapo. Onjezani limodzilimodzi, atatu nthawi imodzi amapinda die. Kwa die zonga lesi, puleti yachitsulo yopyapyala imathandiza kuposa mapepala. Die ya makona anayi ipendeketseni pang'ono kuti ilowe ndi ngodya. Ikalowa ndi mbali yonse yowongoka makina amadumpha ngati galimoto pa hampu, ndipo mzera woyambawo sudulika bwino.

Pepala likakakamira m'die, litulutseni ndi singano yobuntha kudzera m'timabowo ta kumbuyo. Ulendo wotsatira ikani pepala la sera pakati pa die ndi pepala lanu. Tizidutswa totsalira m'die tichotseni tonse, chifukwa ndi ito timalepheretsa kudula kotsatira. Mapuleti amapindika ndi ntchito: muziwatembenuza ulendo uliwonse, muzidulira malo osiyanasiyana, ndipo imodzi ikhale yodulirapo nthawi zonse kuti inayo ikhale yosalala. Puleti ya zipsera zambiri imasindikiza zipserazo kumbuyo kwa pepala, ndipo pepala la mu pulinta loyala pakati limateteza zimenezi.

Mawu oyera pa pepala lakuda

Inki yoyera payokha imaoneka yotuwa pa pepala lakuda. Njira yake ndi ufa wa embossing, umene ndi pulasitiki yopera yosungunuka ndi kutentha. Pukutani pepala ndi kathumba ka paudala wa ana kapena cornflour kuti ufa usamatirire pamene padutsa zala. Dindani mawu ndi VersaMark, inki yopanda mtundu yomata imene imachedwa kuuma. Thirani ufa woyera, gwedezani wotsala ubwerere m'botolo kudzera pa pepala lopinda, ndipo timbewu tosochera tichotseni ndi kaburashi kouma. Yatsani heat tool, kachida kamagetsi kotulutsa mpweya wotentha kwambiri, kwa masekondi 20 kapena 30 isanayandikire pepala, chifukwa ikayamba yozizira pepala limapindika ufa usanasungunuke. Gwirani pepala ndi kopanira zovala, ndipo ufa ukangosanduka wosalala ndi wonyezimira sunthirani patsogolo. Mukachedwa pamalo amodzi umalowa m'pepala n'kuzimirira. Choumitsira tsitsi sichigwira ntchitoyi: chimauluza ufa ndipo sichitentha mokwanira. Popanda heat tool, gadamitsani simbi yamagetsi yotentha n'kugwira pepala pamwamba pake pang'ono, kutentha kuchokere pansi. Kandulo ayi.

Zidindo za mawu za m'masitolo zambiri ndi za Chingerezi. Kuti mulembe Zikomo, Pepani, Mafuno abwino, kapena mawu a Tsiku la Anakubala la pa 15 October, mufunika seti ya zilembo. Die za zilembo n'zosavuta, chifukwa chilembo chobwereza mumangodulanso. Ndi zidindo, seti yambiri ili ndi o mmodzi yekha, ndiye Zikomo amafuna maulendo awiri: sanjani Z, i, k, o, m pa mzera wa buloko, dindani, kenako musunthe o kumapeto. Kadenga ka pa ŵ simudzakapeza, koma v wamng'ono wozondotsa amakwanira.

Dulani mawuwo akhale kampango ka masentimita 1.5 m'lifupi.

Kulumikiza

Dulani pepala la mtundu la 10 ndi 14.3, ndi loyera la 9.5 ndi 13.8. Chilichonse chikuchepa ndi theka la sentimita, ndiye mphepete ituluka ya mamilimita 2.5 mbali zonse. Sanjani zonse popanda guluu kaye, muone ngati duwa ndi mawu zikukhalirana. Mapepala aakulu amateni ndi tepi yomata mbali ziwiri, ndipo onetsetsani kuti khadi likutsekukira mbali yoyenera musanamate, pakuti kumata nkhope mozondoka kumachitikira ngakhale akatswiri. Tizidutswa ting'onoting'ono timafuna guluu wa PVA, woyera wamadzimadzi uja, timadontho ngati njere za mawere. Guluu wambiri amanyowetsa pepala n'kulikwinya, ndipo wa kamtengo wa kusukulu amamatuka pakapita nthawi. Tsindikani ndi buku lolemera kwa mphindi 10.

Duwa ndi kampango ka mawu zikhale pa tepi ya siponji ya mamilimita 1 kapena 2. Ikani tizidutswa m'mphepete ndi pakati pomwe, kuti lisabonyoke m'envelopu. Ngati thunthu la khadi ndi lakuda, matani m'kati pepala loyera la 10 ndi 14.3 lolembapo uthenga.

Siponji isapitirire nsanjika imodzi ngati khadi lipita pa positi. Ku Britain, Royal Mail imawerengera kalata wamba mpaka mamilimita 5 m'kuchindikala, ndipo ikapitirira imalowa gulu la Large Letter lokwera mtengo. Yezani khadi lili kale m'envelopu. Ngati pali timikanda kapena timiyala tonyezimira, phimbani nkhope ndi kapepala kolimba ka 10.5 ndi 14.8 musanatseke, kuti tisaboole envelopu m'makina osankhira makalata.