Malangizo pa Kalembedwe ka Tsamba la pa Intaneti ndi Malinki Ake

Tsamba la pa intaneti ndi fayilo wamba ya mawu yolembedwa mu HTML, njira imene Tim Berners-Lee anayambitsa pamene ankagwira ntchito ku CERN, bungwe la kafukufuku wa sayansi lomwe lili kufupi ndi mzinda wa Geneva, ndipo tsamba lake loyamba linafika kwa anthu onse mu 1991. Simufunika kugula pulogalamu iliyonse. Notepad, pulogalamu yolembera mawu imene imabwera ndi Windows, ndi yokwanira, bola posunga fayiloyo dzina lake lithere ndi .html, ndipo tsamba loyambirira mulitche index.html, popeza maseva ambiri (makompyuta osunga masamba a pa intaneti) amayamba kutsegula limeneli.

Mutu waukulu muuike pakati pa <h1> ndi </h1>, ndime iliyonse pakati pa <p> ndi </p>. Zimenezi sizivuta kuzolowera.

Pamene pafunika kudekha ndi pa malinki, mawu amene wowerenga amadina kuti apite ku tsamba lina. Linki imalembedwa motere: <a href="mbiri.html">Mbiri ya gulu lathu</a>. Zimene zili pambuyo pa href ndi adiresi ya kumene wowerenga akupita, pomwe mawu apakatiwo ndi amene iye amawaona ndi kuwadina. Ngati tsamba limene mukulozalo lili m'foda imodzi ndi lanu, dzina la fayilo lokha ndi lokwanira. Koma ngati ndi la eni ena, lembani adiresi yonse kuyambira pa https://, chifukwa mukasiya chiyambi chimenechi kompyuta idzalifunafuna m'foda yanu, ndipo wowerenga adzangolandira uthenga wa 404, wonena kuti tsambalo silinapezeke.

Mayina a mafayilo muwalembe ndi zilembo zazing'ono zokhazokha, opanda mipata. Ambiri amadabwa kuti linki imagwira bwino pa kompyuta yawo ya Windows koma imakana ikaikidwa pa intaneti, pamene chifukwa chake n'chakuti maseva ogwiritsa ntchito Linux m'malo mwa Windows amaona Mbiri.html ndi mbiri.html ngati mafayilo awiri osiyana.

Chimene ndimachitsindika kwambiri ndi mawu a linki. Pewani kulemba kuti "dinani apa". Munthu wosaona amagwiritsa ntchito pulogalamu yomuwerengera mokweza, imene itha kumutchulira malinki okha motsatizana, ndiye akamva "dinani apa" kasanu sadziwa kuti iliyonse ikumutengera kuti. Mawuwo anene okha kumene akupita. Mukamaliza kuika tsamba lanu pa seva, dinani linki iliyonse nokha, pa kompyuta ndi pa foni pomwe, musanauze anthu adiresi yake.