Kakonzedwe ka thupi ku mochale kuti poona nkhope abale amuzindikire malemu

Anthu ambiri akamva zoti thupi alikonza ku mochale amangoti ndi kubaya fomalini basi kenako kupaka pawuda kumaso, ayi ndithu, ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake ndipo ukangosemphanitsa chimodzi nkhope imatuluka ya munthu wina. Izi ndikulembera inu amene mukuphunzira ntchitoyi, komanso anamfedwa kuti muzidziwa chofunsa, makamaka thupi likamachokera kutali ngati ku Joni komwe limayenda masiku pamsewu ndipo pa boda amafuna satifiketi ya embalming, yosonyeza kuti thupi lathiridwa mankhwala oletsa kuwola.

Yambani ndi kudziteteza. Magolovesi, masiki, epuloni, magalasi, komanso chipinda chopita mphepo. Formaldehyde, mankhwala amene ali mu fomalini, amawawa m'maso ndi pakhosi ndipo bungwe lofufuza za khansa la IARC linamuika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2004, osachita naye masewera.

Pemphani chithunzi cha malemu, cha posachedwapa osati cha pa ukwati kalekale. Sambitsani thupi ndi sopo wopha tizilombo, pindani ndi kuwongola manja, miyendo ndi khosi pang'onopang'ono kuti kuuma kuchoke. Ndevu funsani kaye abale musanamete, ena ndevuzo ndiye zinali chizindikiro chawo.

Tsono apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Nkhope imakonzedwa mankhwala asanalowe, chifukwa fomalini amaumitsa mnofu momwe waupezera, ukasiya pakamwa mokhota ndiye kuti pakhota mpaka kumanda. Maso amalowa mkati munthu akamwalira, ndiye pansi pa zikope ikani timapulasitiki tija amati ma eye cap, ngati palibe thonje lochepa limagwira ntchito, chikope cha m'mwamba chitsike kwambiri cha m'munsi chingochingamira pang'ono. Pakamwa mumasoka mkati, ulusi umachokera ku nsagwada ya m'munsi kudutsa mkati mwa mphuno n'kubwerera m'kamwa osaoneka kunja. Musakoke kwambiri chonde, milomo yofinyidwa imapangitsa munthu wofatsa kuoneka ngati wakwiya. Ngati mano anachoka dzazani pamenepo ndi thonje, kapena bwezerani mano oikirira aja ngati abale abwera nawo. Mukatha pakani kirimu kumaso ndi m'manja kuti khungu lisaume.

Kenako mankhwala. Fomalini wa m'botolo amakhala ndi formaldehyde pafupifupi 37 peresenti, ameneyo salowa m'mitsempha chonchobe, amasungunulidwa ndi madzi mpaka afike cha m'ma 2 peresenti pa thupi lopanda vuto, ndipo mumakhalanso zofewetsa ngati glycerin kapena lanolin, zoletsa magazi kuundana ndi utoto wofiirira ngati eosin wobwezera maonekedwe. Muyeso wodziwika ndi malita 4 a mankhwala osungunulawo pa makilogalamu 23 alionse a kulemera kwa thupi. Mumang'amba pang'ono m'munsi mwa khosi kumanja, mankhwala alowe mu mtsempha wa carotid magazi azitulukira mu mtsempha wina wa pomwepo wotchedwa jugular, kwinaku mukusisita manja, makutu ndi masaya kuti afike konsekonse. Zija zongobaya fomalini wosasungunula m'ntchafu ndi pamimba ndi jakisoni magazi ali momwemo, thupi siliwola msanga inde koma limauma ngati chikuni ndipo nkhope imada n'kutuwa, palibe mekapu ingabise zimenezo.

Samalani ndi munthu amene anadwala chikasu. Fomalini wamphamvu akakumana ndi chikasucho khungu limasanduka lobiriwira, ndiye pali mankhwala ake apadera ofatsa okhala ndi utoto wambiri. Thupi lotupa ndi madzi limafuna amphamvuko popeza madziwo amasungunulanso mankhwala, lowonda ndi louma limafuna zofewetsa zambiri.

M'mimba ndi m'chifuwa mumalowetsa chitsulo chachitali chobowoka mkati chotchedwa trocar, masentimita 5 kumanzere ndi 5 kumtunda kwa mchombo, mukoke madzi ndi mpweya, muthiremo mankhwala osasungunula, mutseke. Thonje m'mphuno ndi kukhosi mkati, lisaonekere.

Kubwezeretsa nkhope kumabwera mnofu utalimba, dikirani maola angapo ngati nthawi ilipo. Masaya ndi m'mbali mwa chipumi ngati mwalowa chifukwa chodwala nthawi yaitali, pali mankhwala odzazira mnofu otchedwa tissue builder amene mumabaya ndi jakisoni kudzera malo obisika ngati m'tsitsi, kuseri kwa khutu kapena mkati mwa kamwa, pang'onopang'ono mukuyang'ana chithunzi chija, chifukwa mukachulutsa kuchotsa kwake n'kovuta. Bala la ngozi liumitseni kaye ndi thonje lonyowetsa ndi mankhwala otchedwa phenol, bala lonyowa siligwira phula. Sokani pansi pa khungu ulusi usaoneke, ikani phula la ku mochale pamwamba, salazani m'mphepete, kenako dindani pang'ono ndi burashi kapena gozi wonyowa kuti pasaterere kuposa khungu lenileni. Mafupa a mutu osweka amamangidwa ndi waya n'kulimbitsidwa ndi plaster of Paris, pulasitala womangira mafupa othyoka uja. Koma pali nthawi zina pamene sizitheka, pamenepo auzeni akuluakulu a banja chilungamo mwaulemu, kuphimba mbali imodzi ndi bandeji yoyera kuli bwino kusiyana ndi kuwaumbira nkhope yachilendo.

Mekapu ndi yomaliza ndipo ikhale yochepa. Ya m'shopu ija inapangidwira khungu lofunda, pa lozizira imangokhala pamwamba n'kumang'ambika. Pa khungu lathu lakudali vuto lalikulu ndi kutuwa, ndiye nthawi zambiri kirimu pang'ono ndi kautoto kofiirira pa masaya, pachibwano, m'makutu ndi m'mfundo za zala zimakwana, pawuda woyera mbee uja ayi. Milomo ya abambo musaiwalitse ndi lipstick, ya amayi funsani ana awo aakazi ngati ankapaka. Pesani tsitsi momwe ankapesera, duku amange wachibale amene akudziwa kamangidwe kawo.

Mukaika m'bokosi kwezani mutu ndi pilo, upendekere pang'ono kumanja, ndipo yang'anani nkhopeyo pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa magetsi a mu mochale amanamiza pomwe mwambo woona nkhope umachitikira panja kapena pakhonde. Tengani thonje ndi kirimu m'thumba, thupi likayenda mtunda wautali pamsewu wa mabampu m'mphuno mumatha kutuluka timadzi, mupukute musanatsegulire anthu bokosi.