Wayini wa chidede wopangira pakhomo, kwa inu amene mukuyamba kumene

Anthu ambiri akafuna kuyesa kupanga wayini amathamangira nthochi kapena mango poti ndi zomwe zili pafupi, koma ine ndimati yambani ndi chidede. Nthochi imachita phala, kusefa kwake mpaka mkono kuwawa, ndipo wayini wake amachedwa kuyera. Chidede mumagula chouma kale pamsika, mtundu wake ndi wofiira bwino ngati wayini wa m'sitolo uja, komanso nchowawasa chokha ndiye za mandimu iwalani.

Pa malita 5 mufunika chidede chouma makapu awiri odzadza, shuga paketi imodzi ya 1 kg, madzi abwino malita 4 ndi theka, nthochi imodzi yakupsa kwambiri ija yamadontho akuda, ndi isiti supuni yaying'ono imodzi. Akapezeka isiti wa wayini ndi bwino, koma kunena zoona ambirife timagwiritsa ntchito wa mandasi yemweyu ndipo zimatheka, kungoti kafungo ka buledi kamatsalako masabata oyambirira. Ziwiya zake ndi poto wamkulu, ndowa ya pulasitiki yomwe mumasungira madzi akumwa, nsalu yoyera, sefa, zigubu ziwiri za malita 5, chibaluni, singano ndi kapaipi koonekera mkati kotalika ngati mita imodzi. Chigubu chikhale cha madzi akumwa chonde, osati chomwe munalowapo petulo, palafini kapena mankhwala a kumunda, ngakhale mutachitsuka kakhumi. Cha mafuta ophikira nachonso chimavuta, mafuta aja sachoka onse.

Musanayambe chilichonse tsukani. Apa mpamene ambiri amagwera, amaona ngati nkhani ndi shuga ndi isiti basi. Ndowa, supuni, sefa, paipi, zonse ndi sopo kenako mutsukuluze bwino ndi madzi otentha, nsalu ija iwiritseni ndithu, manja nawonso. Madzi a shuga ofunda sakoma kwa isiti yekha, tizilombo tina tosaoneka timawakondanso, ndipo tikayamba ndi ito mupeza nkhungu pamwamba m'malo mwa wayini.

Wiritsani madzi aja, akawira phulani, thirani chidede chomwe mwachitsuka pang'ono kuchotsa fumbi la kumsika, dulirani nthochi ija momwemo muvundikire. Nthochiyo si ya kakomedwe ayi, ndi chakudya cha isiti, chifukwa chidede ndi shuga pazokha zilibe zokwanira ndiye kuwira kumatha kuima panjira. Ngati poto wanu ndi wa aluminiyamu musasiyemo chidede nthawi yaitali, chowawasa sichigwirizana ndi poto wotere, bola mukhuthulire mu ndowa madzi akangosiya kutentha kwambiri. Pakatha ola limodzi sefani, finyani chidedecho, thirani shuga madzi akadali ofunda ndipo mutakase mpaka pansi pasamvekenso tokhetekhete.

Shuga musaonjezere mwa phuma poganiza kuti wayini akhala waukali. Mawerengedwe ake ndi akuti magalamu 17 a shuga pa lita imodzi amapereka pafupifupi 1 peresenti ya mowa, ndiye 1 kg pa malita 5 ikufikitsani cha m'ma 11 kapena 12 peresenti isiti akadya yense, omwe ndi mulingo wa wayini wamba. Mukathira mapaketi awiri isiti amatopa, mowa womwe wapanga yekha umamufooketsa, inu nkutsala ndi zinthu zotsekemera ngati Sobo wosasungunula.

Tsopano dikirani zizizire. Isiti ndi chinthu chamoyo, madzi otentha amamupha. Dontheza pang'ono kuseri kwa dzanja ngati mmene amayesera mkaka wa mwana, ukamva kufunda chabe osawotcha ndiye kuti zafika. Sungunulani isiti mu theka la kapu ya madzi ofunda ndi kashuga pang'ono, pakatha mphindi 10 kapena 15 azichita thovu, akangoti zii osachita kanthu ndi wakufa ameneyo, kagulani wina. Akachita thovu thirani mu ndowa, vundikirani ndi nsalu ija ndikumanga ndi lamba wa mphira kuti pasapezeke polowera.

Mawa lake mukaika khutu mumva kuti tsiii ndipo pamwamba pakhala thovu la pinki. Muzitakasa kamodzi patsiku ndi supuni yoyera kwa masiku 5 mpaka 7. Muona tintchentche ting'onoting'ono tija timazungulira nthochi zakupsa tikubwera kudzatera pansalu, ameneyo ndiye mdani wanu, timanyamula tizilombo tomwe timasandutsa mowa kukhala viniga. Nsalu isatseguke chisawawa. Ndowa ikhale pamthunzi m'nyumba, mu Okutobala zimawira mwachangu mwina masiku anayi thovu lagwa kale, pomwe mu Juni kukazizira zimayenda mwaulesi ndiye ikulungeni ndi bulangete.

Thovu likachepa sefani kachiwiri ndi nsalu nkuthira m'chigubu, mudzadze mpaka cha m'khosi, kungosiya mpata wa zala zitatu. Kuyambira apa mpweya wakunja usalowe koma wamkati uzituluka, zonse ziwiri nthawi imodzi. Tengani chibaluni, chitsukeni, chibooleni kamodzi kapena kawiri ndi singano, chivekeni pakamwa pa chigubu mumange. Chidzafufuma nkuimirira, mpweya uzituluka pa kabowo kaja pang'onopang'ono. Ena amaboola chivundikiro nkulowetsa paipi, kumata ndi phula la kandulo, mbali inayo nkuimiza m'botolo la madzi kuti izichita buluku buluku, iyinso ndi njira yabwino ndipo imasangalatsa kuonera.

Chomwe musayerekeze ndi kutseka ndi chivundikiro kuti gwa. Ine ulendo wanga woyamba ndinaona ngati zatha poti thovu linali litasiya, ndinathira m'mabotolo nkutseka, nkuika pansi pa bedi. Usiku wachitatu chinangomveka kuti phuu, tonse kudzidzimuka kuganiza kuti akuba, kuyatsa tochi khoma lonse lofiira, neti yofiira, nsapato za kutchalitchi zofiira. Mayi a kunyumba sanandiyankhule mpaka masana, ndipo chidede sichichoka msanga pa laimu, ndinachita kupakanso. Mwayi anali mabotolo a pulasitiki, akanakhala agalasi bwenzi tikunena zina.

Ndiye siyani chigubu chija pamalo a mdima masabata atatu kapena anayi, osachigwedeza, osamatsegula tsiku ndi tsiku kuti mulawe. Mudziwa kuti zatha chibaluni chikagona chokha, timathovu tikasiya kukwera m'mbali, ndipo pansi pakakhala masese okhuthala otuwa. Apa tengani kapaipi kaja, chigubu pa tebulo, china choyera pansi, kokani pang'ono ndi pakamwa kuti ayambe kuyenda, koma paipi isafike pa masese. Kapu imodzi yotsala pansiyo musaimvere chisoni, itayeni, ndi imene imabweretsa fungo la isiti. Vekaninso chibaluni mudikire masabata ena awiri kapena atatu, mukaunika ndi tochi ya foni kuseri kwa chigubu kuwala kuzidutsa bwino.

Mukalawa apa mwina mukhumudwa, amakhala wowawasa ndi waukali pakhosi. Ndi mmene amakhalira akadali mwana. Thirani m'mabotolo oyera odzadza bwino, mulembe deti, sabata yoyamba muzimasula chivundikiro pang'ono kuona ngati mulibe mpweya, kenako muwaiwale miyezi iwiri kapena itatu. Ngati mumakonda wotsekemera thirani shuga mu tambula pomwa pomwepo, osati m'botolo, chifukwa isiti wotsala amadzuka nkuyambiranso ntchito ndipo nkhani ya pansi pa bedi ija ibwereranso.

Za kuthiramo sipiriti, mabatire, feteleza kapena mapiritsi kuti akhale wamphamvu, izo si wayini, ndi poizoni, anthu amachita khungu ena kufa kumene ndi sipiriti wosayenera kumwa. Mukaona nkhungu yobiriwira kapena yakuda pamwamba tayani zonse. Akanunkha viniga sabwereranso, koma osataya, amakoma pa kabichi ndi tchipisi. Ndipo poti mtundu wake umafanana ndi juwisi wa chidede yemwe ana anazolowera, mabotolo akhale pamwamba pomwe sangafikire, osati mu fuliji pambali pa madzi akumwa.