Kupeza chithandizo cha methadone ndi buprenorphine muli kunja kwa Malawi

Ambiri sayamba ndi heroin. Msana umapweteka chifukwa chonyamula okalamba usiku wonse ku care home, kapena matumba a simenti ku Joni, munthu n'kuyamba kumwa tramadol kapena codeine. Pakapita miyezi piritsi limodzi silikwananso, ndipo tsiku limene sanamwe thupi limaphwanya, thukuta lili kamukamu, m'mimba mukutsegula, tulo osabwera. Ena amagwera mu nyaope, imene ku Durban amati whoonga, yomwe mkati mwake muli heroin. Tramadol, codeine ndi heroin onsewa ndi mankhwala a gulu limodzi lotchedwa ma opioid, ndipo kuwadalira ndi matenda amene achipatala amadziwa kuwasamalira.

Mankhwala amene amathandiza kwambiri ndi awiri. Methadone nthawi zambiri amakhala wamadzi, womwa kamodzi patsiku. Buprenorphine, amene mumupeza ndi mayina a Subutex kapena Suboxone, amaikidwa pansi pa lilime, ndipo ku UK ndi ku America aliponso wa jakisoni wa pamwezi. Onse awiri amaletsa chibaba ndi kuphwanya kwa thupi kuja, munthu n'kumadzuka kupita kuntchito bwinobwino. Aliponso naltrexone, koma uyu amayambidwa munthu atatha masiku 7 mpaka 10 osalawa opioid aliyense.

Achibale ena amati uku n'kungosintha chizolowezi china ndi chinzake, bola tim'tumize kumudzi akapume kapena tim'tsekere m'nyumba azipemphera. Ine izi zimandiopsa. Munthu akasiya kwa milungu ingapo thupi limaiwala mlingo umene linazolowera, ndiye tsiku limene wabwererako n'kumwa monga kale, kupuma kumaima. Imfa zambiri zimachitika nthawi ngati imeneyi, munthu atangotuluka kundende kapena kumalo osiyitsa mankhwala. Pemphero lipitirire ndithu, koma liyendere limodzi ndi mankhwala, ndipo kukhala pa methadone chaka kapena kuposa si kulephera.

Ku South Africa yambirani pa nambala yaulere ya 0800 12 13 14, yothandiza za mankhwala osokoneza bongo, kapena ofesi imene ili pafupi ya SANCA, bungwe lothandiza anthu ovutika ndi mowa ndi mankhwalawa. Funsani mosapita m'mbali kuti, "Kodi mumapereka methadone?" chifukwa si malo onse osiyitsa mankhwala amene ali naye. Ku Pretoria kuli COSUP, ntchito ya mzinda wa Tshwane ndi University of Pretoria, ku Durban kuli Bellhaven Harm Reduction Centre, ndipo mabungwe a TB HIV Care ndi Anova amathandiza anthu ogwiritsa ntchito mankhwalawa m'mizinda ingapo. Kwa dokotala wolipira methadone amakwera mtengo, choncho yambani mwafunsa kwa mabungwe amenewa.

Ku UK dera lililonse lili ndi ofesi yothandiza za mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, zambiri zoyendetsedwa ndi Change Grow Live kapena Turning Point. Mutha kupitako nokha popanda kalata ya GP, dokotala wa m'dera lanu. A FRANK, opereka uphungu wa mankhwala osokoneza bongo pa foni, pa 0300 123 6600, akuuzani ofesi yapafupi. Ngati mapepala akukuvutani, dziwani kuti kulembetsa kwa GP ku England sikufuna chiphaso cha imigireshoni kapena umboni wa kumene mumakhala. Ku Ireland imbani kwa a HSE, nthambi ya boma ya zaumoyo, pa 1800 459 459. Ku America pitani pa findtreatment.gov kapena imbani kwa a SAMHSA, nthambi ya boma yoona za mavutowa, pa 1-800-662-4357. Kumeneko methadone wa matendawa amaperekedwa ku zipatala zapadera zokha, pomwe buprenorphine, kuyambira 2023, dokotala wamba amatha kukulemberani.

Tsiku loyamba adzakuyezani mkodzo ndi kukufunsani zambiri. Apa m'pamene mwambi woti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko umagwira ntchito: nenani chimene mumamwa, kuchuluka kwake, ndi ola limene munamaliza. Buprenorphine akamwedwa heroin akadali m'thupi amadwalitsa koopsa nthawi yomweyo, n'chifukwa chake amakuuzani kudikira maola 12 kapena kuposa, mpaka zizindikiro zitayamba. Ngati muli pa mankhwala a TB kapena ma ARV, tengani mabotolo ake, pakuti rifampicin ndi efavirenz amachepetsa mphamvu ya methadone ndipo mlingo umafunika kusinthidwa. Mowa ndi mapiritsi ogonetsa ngati diazepam musabise, chifukwa akaphatikizana ndi methadone amapha. Mayi woyembekezera asasiye mwadzidzidzi, anene msanga kuti amuike pa chithandizo. Chingerezi chikakuvutani pemphani womasulira wa chipatala, osati mnzanu wa kutchalitchi amene mungachite naye manyazi.

Milungu yoyamba, makamaka ngati muli pa methadone, nthawi zambiri mudzamwera pamaso pa wa ku pharmacy kapena namwino tsiku lililonse. Kwa ife ogwira mashifiti izi zimavuta, ndiye auzeni maola anu kuti akupezereni malo otsegula mochedwa. Mukajomba masiku atatu otsatizana musayembekezere kulandira mlingo wakale, amayamba akuonaninso. Pemphaninso naloxone, mankhwala otsitsimutsa munthu amene wapyola mlingo, ndipo muonetse amene mumagona naye nyumba imodzi kagwiritsidwe kake. Ku America amagulitsidwa popanda kalata ya dokotala ndi dzina la Narcan. Mukam'patsa munthu, itanani ambulansi ndithu, chifukwa mphamvu yake imatha msanga kuposa ya methadone.

Za ulendo wa kumudzi, kaya ndi maliro kaya tchuthi cha Disembala, uzani chipatala chanu mukangodziwa tsiku. Mankhwalawa amayang'aniridwa ndi malamulo pa malire alionse, choncho mufunika kalata ya dokotala yotchula dzina lanu, mlingo ndi masiku a ulendo, mankhwalawo ali m'botolo lake lolembedwa. Ngati ndege ikudutsa ku Dubai kapena Doha, funsiranitu malamulo a dzikolo musanagule tikiti, ndipo masiku obwerera muwawerenge molingana ndi mankhwala amene akupatsani.