Mmene Mungagwiritsire Ntchito Foni Ngati Kiyi wa Galimoto

Musanayambe, dziwani kuti kiyi wa pafoni ndi wosiyana ndi batani lotsegulira zitseko lomwe limapezeka mu pulogalamu ya kampani yopanga galimoto. Batani limenelo limadalira intaneti, ndipo pamalo opanda netiweki, monga poimika magalimoto pansi pa nyumba zosanjikizana, silingakuthandizeni. Kiyi weniweni wa pafoni kawirikawiri amasungidwa m'kachipangizo kotetezedwa ka m'kati mwa foni kotchedwa Secure Element, komwenso kamasunga makadi a kubanki, ndipo akaikidwa amalankhulana ndi galimoto mwachindunji popanda intaneti.

Choyamba ndi kufufuza ngati galimoto ndi foni yanu zikugwirizana, chifukwa si galimoto iliyonse yatsopano imene ili ndi luso limeneli. Kampani ya Tesla inayamba kugwiritsa ntchito foni ngati kiyi wa Model 3 mu 2017 kudzera pa Bluetooth. Apple inalengeza kiyi wake mu 2020, kuyambira ndi BMW 5 Series, ndipo Google inatsatira mu 2021 ndi Android 12. Masiku ano makampani ambiri, kuphatikizapo Hyundai, Kia ndi Genesis, amatsatira muyezo wa bungwe la Car Connectivity Consortium, koma mtundu umodzi wa galimoto ukhoza kukhala nawo pomwe unzake wa kampani yomweyo ulibe, choncho werengani buku la galimoto yanu.

Funsaninso kuti galimotoyo imamva foni m'njira iti. Njira ya NFC imagwira ntchito pa mtunda wa masentimita ochepa chabe, kotero mumayenera kugunditsa foni pa chogwirira cha chitseko cha dalaivala, kenako n'kuiika pamalo ake m'kati kuti injini ilire. Njira ya UWB, yomwe pa iPhone inayamba ndi iPhone 11, imalola kuti foni ikhale m'thumba: mukayandikira zitseko zimatseguka, mukachoka zimadzikhoma. Ine ndimaikonda UWB osati chifukwa cha kuphweka kokha, koma chifukwa imayeza nthawi yomwe uthenga watenga pakati pa foni ndi galimoto, n'kudziwa mtunda weniweni. Zimenezi zimalepheretsa mbava zija zomwe zimaima pafupi ndi khomo la nyumba ndi chipangizo chokuza mphamvu ya rimoti ya galimoto yomwe ili m'nyumbamo, n'kupusitsa galimoto kuti mwini wake wafika.

Poika kiyi, tsitsani pulogalamu ya kampani yopanga galimotoyo, tsegulani akaunti, ndipo lembetsani galimotoyo m'dzina lanu. Foni ikhale yokhoma ndi nambala yachinsinsi, chidindo cha chala kapena nkhope. Lowani m'galimoto muli ndi kiyi wake weniweni, poti magalimoto ambiri amafuna umboni umenewu, ndipo ena amafuna marimoti onse awiri. Sankhani gawo la kiyi wa pafoni mu pulogalamuyo kapena pa sikirini ya galimoto, ikani foni pamalo omwe mwauzidwa, omwe kawirikawiri amakhala potchajira popanda waya, ndipo musaisunthe mpaka uthenga wotsimikiza utatuluka. Kiyi adzaoneka ngati khadi mu pulogalamu ya pafoni yosungira makadi, monga Apple Wallet, Google Wallet kapena Samsung Wallet.

Mukatero, tulukani n'kuyesera muli pakhomo, rimoti mutaisiya kutali m'nyumba kuti mutsimikize kuti ndi foni imene ikutsegula. Pa iPhone, mbali yomva NFC ili kumtunda kwenikweni, pamene pa mafoni ambiri a Android ili chapakati kumbuyo. Anthu ambiri amaganiza kuti kiyi walephera pomwe angogunditsa mbali yolakwika, kapena achotsa foni msanga isanagwedezeke kusonyeza kuti yamveka. Chikuto chokhuthala kapena chokhala ndi chitsulo chimatchinganso uthengawo.

Nkhani ya batire ndiyo imafunika kuiganizira mofatsa. Pa iPhone, ngati Express Mode (njira yolola kiyi kugwira ntchito foni ili yokhoma) ndi yoyatsa, kiyi amatha kugwirabe ntchito mpaka maola 5 batire itatha, koma pokhapokha pogunditsa pa chogwirira, ndipo mukaithimitsa nokha foniyo mwayi umenewu umachoka. Express Mode yomweyo imatsegula galimoto popanda kufunsa nkhope kapena nambala, kutanthauza kuti wotola foni yanu angathe kuliza galimoto. Mukazimitsa Express Mode chitetezo chimakula, koma mumataya maola aja. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuisiya yoyatsa, n'kumayenda ndi khadi lotsegulira galimoto lomwe makampani ambiri amapereka. Khadilo lisakhale m'chikuto cha foni kapena m'galimoto momwemo, koma m'chikwama chandalama, kuti foni ikasowa lisasowere limodzi.

Kubwereketsa galimoto kumaphwekanso, pakuti mungathe kutumiza kiyi kwa munthu wina kudzera pa uthenga, ngakhale pa WhatsApp, ndipo ndi bwino kumuuza nambala yotsimikizira pakamwa m'malo moilemba mu uthenga womwewo. Magalimoto ena, monga a BMW, amalola kuika malire pa liwiro ndi pa kukwera kwa mawu a wailesi pa kiyi wobwereketsa, zomwe zimathandiza kholo lomwe mwana wake wangophunzira kumene kuyendetsa. Ntchito ikatha, fufutani kiyiyo.

Foni ikabedwa, ikhomeni msanga pogwiritsa ntchito Find My ya Apple (pulogalamu yofufuzira foni yosowa) kapena njira yofanana nayo ya Google kapena Samsung, kenako chotsani kiyiyo pa sikirini ya galimoto mutalowa ndi rimoti. Pogulitsa galimoto, fufutani makiyi onse ndi kuichotsa pa akaunti yanu, ndipo ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, onani mndandanda wa makiyi pa sikirini yake mwini wakale asanachoke.