Momwe mungapitire kukaphunzira ku yunivesite ya ku France

Anthu ambiri akumandifunsa kuti masitazi ya ku France ndinaipeza bwanji, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi m'malo moyankha mmodzimmodzi.

Yambani ndi chilankhulo. Makosi ambiri m'mayunivesite aboma amaphunzitsa m'Chifalansa ndipo amafuna setifiketi ya mayeso a Chifalansa yotchedwa DELF B2, ena mpaka yapamwamba ya DALF C1. Pali mayeso ena a TCF koma awo amatha mphamvu pakatha zaka ziwiri pomwe DELF ukakhoza wakhoza mpaka kalekale, ine ndingakulangizeni DELF yomweyo. Ngati Chifalansa chanu chinathera pa bonjour wa ku sekondale musataye mtima, pa webusayiti ya Campus France, bungwe la boma la France loona za ophunzira akunja, pali mndandanda wa makosi a m'Chingelezi, ambiri ndi a masitazi.

Kuapulaya kumatengera kuti mukufuna chani. Amene mukufuna kukayamba chaka choyamba cha digiri mumadzera njira yotchedwa DAP, mumasankha mayunivesite atatu ndipo amatseka pakati pa Disembala, chaka cha sukulu n'kudzayamba Seputembala. Za masitazi zambiri zimadzera pa webusayiti ya boma ya Mon Master cha mu Febuluwale ndi Malichi, kapena pa webusayiti ya yunivesiteyo. Amene muli ku Joni njira yanu ndi ina, mumadzera pa webusayiti ya Études en France. Mapepala ake ndi a sukulu omwewa, monga masetifiketi. Musanalipire munthu kuti awamasulire m'Chifalansa funsani kaye, ena amalandira a Chingelezi momwemo. Ndipo chonde ma agent awa oti "tikupezerani malo ku Europe" asiyeni, Mon Master ndi yaulere, iwowo amangokudzazirani fomu yomwe mukanadzaza nokha pa foni n'kukudyerani ma handiredi sauzande.

Fizi si yoopsa ngati ya ku UK. Kuyambira 2019 ife ochokera kunja kwa EU timalipira fizi yokwererapo, mu 2025 inali pafupifupi ma euro 2,900 pa chaka pa digiri ndi cha m'ma 3,900 pa masitazi, koma mayunivesite ena akhala akuchotsera ophunzira akunja kuti alipire ngati eni dziko, zomwe sizifika ndi 300 yomwe, ndiye lembani imelo mufunse za kuchotseredwa kumeneku, amati exonération. Sikolashipu ya boma la France yotchedwa Eiffel simuapulaya nokha, yunivesite ndi imene imapereka dzina lanu.

Kalata yoti akulandirani ikabwera, pitani pa webusayiti ya France-Visas mukapemphe viza ya nthawi yaitali yotchedwa VLS-TS. Amafuna umboni woti muli ndi ndalama zokwanira, mu 2025 ankafuna ma euro osachepera 615 pa mwezi, ndipo ndi mmene forex ikuvutiramu yambani kulankhula ndi banki yanu msanga. Ku Lilongwe kulibe ofesi ya kazembe wa France, ndiye ikaniponi ndalama ya ulendo wopita komwe webusayitiyo ikulozereni.

Tsopano nyumba, apa ndi pamene ine ndinalira. A viza amafuna kuona komwe ukafikire. Malandilodi ambiri a ku France salola munthu wopanda garant, yemwe ndi munthu wa ntchito wokhala konko amene amasayinira kuti ukalephera lendi alipira iyeyo. Ine ku Rennes, mzinda womwe ndinkapita, ndinalibe ngakhale msuweni. Pali ndondomeko yotchedwa Visale, yomwe imakuimira ngati garant mwaulere ngati uli ndi zaka 18 mpaka 30, koma nayonso imafuna viza kaye. Ndiye viza ikufuna nyumba, nyumba ikufuna garant, garant akufuna viza, umangozungulira pomwepo masiku akutha.

Ndili mkati mosowa chogwira choncho ndinapeza bambo wina pa gulu la pa intaneti la ophunzira akunja. Zithunzi zokongola, kachipinda ka bedi ndi kadesiki pafupi ndi windo, lendi yotsika, za garant ati musadandaule. Anatumiza ndi chithunzi cha chiphaso chake chomwe, amvekere ali kunja kwa dziko pa ntchito ndiye makiyi atumiza ndikangolipira dipoziti. Ndinatumiza ndalama yomwe amalume anagulitsira soya wawo, patangopita tsiku nambala ija inasiya kupezeka. Pambuyo pake zithunzi zomwe zija ndinaziona pa malonda a nyumba ina ku Lyon, mzinda winanso. Malamulo a ku France salola landilodi kutenga ndalama yosungitsira nyumba musanasayine bail, yomwe ndi kontirakiti ya lendi, ndipo dipoziti ndi ya mwezi umodzi, kapena iwiri ngati muli mipando kale. Wina akati tumizani kaye pa Western Union thawani.

Chimene chimagwira ntchito ndi ichi: lemberani ofesi ya ophunzira akunja ya yunivesite yanu tsiku lomwelo mwalandira kalata, ambiri amasungira alendo zipinda za CROUS, bungwe la boma loona za malo ogona ndi chakudya cha ophunzira, tizipinda tating'ono ta masikweya mita 9 koma totchipa ndipo amakupatsani kalata yoti mupite nayo ku viza. Zikakanika bukitsani malo ongoyembekezera, viza ikatuluka mupange Visale, nyumba yeniyeni mukaisake mutafika ndipo mwaiona ndi maso anu. Polowa mumayendera chipinda ndi landilodi n'kulemba chilichonse chowonongeka, amati état des lieux, jambulani ngakhale kabowo ka msomali chifukwa potuluka amadula pa dipoziti. Inshuwalansi ya nyumba ndi yokakamiza, koma ndi yotchipa.

Zotsalazo ndi zachidule. Lipirani CVEC, ndalama yothandizira moyo wa ophunzira pa sukulu, ma euro 100 ndi kenakake, musanalembetse ku yunivesite. Viza ija muitsimikize pa intaneti miyezi itatu isanathe chifikireni ku France, mukaiwala mwasanduka wopanda mapepala. Tsegulani akaunti ku banki, lembetsani zachipatala pa webusayiti ya ameli ya ophunzira akunja, amafuna setifiketi yobadwira ndiye musaisiye kumudzi. Ganyu mumaloledwa maola 964 pa chaka. Chakudya idyani ku kantini ya CROUS, ufa wa nsima mukaupeza m'mashopu a anthu a ku Africa koma ndi wodula, jekete mukagule konko.